Pamene Majeremani Analowa m'Kasama

Pophunzitsa za nkhondo zazikuru aphunzitsi amakonda kuchula maiko akutali, monga zisumbu za Philippines zimene Ajapani anaziukira mu Disembala 1941 nazilamulira ndi mfuti kufikira 1945. Koma dziko linonso linalowedwa ndi adani, ndipo mseu umene iwo anatsata unali kuloza ku Kabwe, kumene masiku aja kunkachedwa Broken Hill. Mwana wa sukulu wa ku Highridge ayenera kuidziwa mbiriyi.

Nkhondo ya 1914 itabuka, asilikari a Angelezi anakaima kumalire a kumpoto, ku Abercorn ndi ku Fife, kutali ndi njanji. Katundu wao akatsika m'sitima ku Broken Hill ndi ku Ndola, anthu a m'midzi ndiwo anamsenza pamutu, ena napalasa naye mabwato m'madambo a Bangweulu. Boma linalamula mafumu kuti apereke amuna a mtengatenga. Minda yambiri inagonera, ndipo njala inayamba kulowa m'midzi mdani asanaoneke n'komwe.

Mdaniyo anali von Lettow-Vorbeck, mkuru wa nkhondo wa Majeremani. Iyeyu anaoloka Ruvuma mu Novembala 1917, nayendayenda m'dziko la Apwitikizi miyezi khumi, nabwerera ku German East Africa. Ndipo kuciyambi kwa Novembala 1918 analowa muno. Gulu lace linalibe nkhokwe m'mbuyo. Linali kudya cimene lapeza, ndiko kunena mawere, cinangwa ndi mbuzi za eni dziko, amene analibe mau pa mkangano wa Azunguwo. A boma anathawa ku Kasama, Majeremani nalowamo.

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala, koma mthenga unacedwa kufika kuno. Pa 14 Novembala Hector Croad, bwana wa boma wa ku Kasama, anakomana ndi von Lettow-Vorbeck pa mtsinje wa Chambeshi namuuza kuti nkhondo yatha. Pa 25 Novembala gululo linatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala: Azungu 155 ndi asilikari akuda oposa 1,100.

Pa Chambeshi anamangapo cipilala cokumbutsa tsiku lija, mzinga uli pambali. Amtengatenga ambiri amene anapulumuka pa ulendo anabwerera kwao m'miyezi yomweyo imene cimfine cacikuru ca 1918 cinali kusesa midzi.