Jelo womva kutentha: mmene mchere ndi chaji zimasinthira kufufuma kwake

Jelo womva kutentha ndi chinthu chofewa chopangidwa ndi timaulusi tatitali tolukanalukana ngati ukonde. Pakazizira amamwa madzi n'kufufuma, koma pakatentha amawalavula n'kukhwinyata. Wodziwika kwambiri mwa majelo otere ndi wa mankhwala otchedwa PNIPAM, amene m'madzi opanda mchere amasintha pa madigiri pafupifupi 32 a Celsius. Popeza thupi la munthu limatentha madigiri 37, akatswiri a zamankhwala amamuwerengera kwambiri jeloyu.

Kutentha kukakhala kochepera madigiri 32, madzi amakangamira pa timaulusi tija n'kutitambasula. Kukapitirira, madziwo amataya, ndipo mbali za ulusi zosagwirizana ndi madzi zimakumbatirana n'kufinyira madziwo kunja. Toyoichi Tanaka wa pa sukulu ya MIT ku America anaonetsa mu 1978 kuti jelo angathe kukhwinyata mwadzidzidzi, ndipo mu 1984 iye ndi Yoshitsugu Hirokawa anafotokoza kusintha kotereku mwa jelo wa PNIPAM. Komatu malire a madigiri 32 si okhazikika: chaji imawakweza, pamene mchere umawatsitsa.

Ntchito ya chaji

Opanga jelo akasakanizamo mankhwala monga sodium acrylate, timaulusi timakhala ndi chaji yamagetsi ya negetivu. Chaji iliyonse imasunga pafupi kanthu kakang'ono ka chaji ya pozitivu, kotchedwa ayoni, ndipo kameneka sikangathawe kuchoka mu ukondewo. Motero mkati mwa jelo mumachuluka maayoni kuposa kunja, ndipo madzi amathamangira mkati kuti akasungunule kuchulukako. Mfundo yofotokoza zimenezi anaikhazikitsa Frederick Donnan mu 1911.

Chotsatira chake n'chakuti jelo wachaji amafufuma kwambiri, ndipo pamafunika kutentha kokulirapo kuti akhwinyate. Asidi naye ali ndi mbali: m'madzi a asidi wambiri chaji ija imazilala, jelo n'kubwerera ku khalidwe lake lakale.

Mchere wochepa

Mchere wapakhitchini ukasungunuka umagawikana kukhala maayoni a sodium ndi a chloride. Akachuluka m'madzi ozungulira jelo, kusiyana kwa mkati ndi kunja kumachepa, ndipo mphamvu yokoka madzi imafooka. Maayoniwo amaphimbanso chaji za pa ulusi, kotero kuti sizikankhananso mwamphamvu.

Matewera otaya amaonetsa bwino zimenezi. Ufa wa mkati mwake, sodium polyacrylate, sumva kutentha ngati PNIPAM, koma uli ndi chaji yofanana. M'madzi opanda mchere umamwa madzi olemera kuwirikiza mazana angapo kulemera kwake, koma mu mkodzo, momwe muli mchere, umamwa kuwirikiza makumi ochepa chabe. Maayoni a calcium, amene amanyamula chaji ziwiri, amafinya jelo koposa, chifukwa amagwira timaulusi tiwiri n'kutimangirira pamodzi.

Mchere wambiri

Mchere ukachuluka umagwira ntchito mwa njira ina, imene imakhudza ngakhale jelo wopanda chaji. Maayoni amalimbirana madzi ndi timaulusi, ndipo ulusi wolandidwa madzi umakhwinyata msanga, kutentha kusanafike pa madigiri 32.

Pamenepa mtundu wa mchere ndi wofunika. Mu 1888, mumzinda wa Prague, Franz Hofmeister anapeza kuti michere yosiyanasiyana imasiyana mphamvu pogwirizitsa mapuloteni a choyera cha dzira, ndipo mndandanda umene unachokera ku ntchito yake umagwiranso pa PNIPAM. Sulfate amatsitsa malirewo kwambiri, chloride amatsitsa pang'ono, pamene thiocyanate wochepa angathe kuwakweza pang'ono.

Kufunika kwake

Madzi a m'thupi ali ndi mphamvu yofanana ndi ya magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi, muyezo wa madzi amchere amene odwala amalandira pa diripi. Choncho jelo wonyamula mankhwala amene wayesedwa m'madzi opanda mchere okha angachite zosiyana m'thupi: angafinye mankhwala onse nthawi imodzi, kapena kuwatulutsa asanafike pamalo oyenera. N'chifukwa chake ofufuza amayesa majelowa m'madzi ofanana ndi a m'thupi, n'kumasintha kuchuluka kwa chaji mpaka malire atafika pamene akufuna.

Ku Japan, gulu la Teruo Okano wa pa Tokyo Women's Medical University limakuza maselo m'mbale zokutidwa ndi PNIPAM pa madigiri 37. Mbaleyo ikaziziritsidwa kufika pa madigiri pafupifupi 20, ulusi umamwa madzi ndipo maselo amamatuka onse pamodzi ngati kansalu, osawonongeka. Tinsalu totere tagwiritsidwa ntchito pokonza khungu loonekera la kutsogolo kwa diso mwa anthu amene linawawonongekera.