Linki, cookie ndi komishoni: mawu amene amalamulira malonda a affiliate

Pa intaneti pali ntchito ina imene ochita ake amangoitchula ndi dzina lake la Chingerezi, affiliate marketing. Kunena mwachidule, ndi kutumizira wogulitsa makasitomala kuti akagula, iwe ulandireko kangachepe. Katundu si wako, nyumba yosungiramo katundu ulibe, galimoto yokaperekera ulibenso. Chako ndi mawu ako ndi anthu amene amakumvera. Achinyamata ambiri, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Johannesburg, amaimvera pa TikTok ndi pa YouTube, kumene ena amaikometsa ngati njira yolemerera munthu ali chigonere. Ntchitoyi ndi yeniyeni ndipo ilipo kalekale, koma ili ndi chilankhulo chake, ndipo mawu ake ambiri amayankha funso limodzi: kodi zinthu zikasokonekera, amene aluze ndani, wogulitsa kapena iwe? Wosankha pologalamu pongoyang'ana kukula kwa peresenti amakhala kuti funsoli sadalifunse.

Aliyense amene adakwerapo minibasi pa depoti amadziwa ntchito ya woitanira. Minibasi si yake, mafuta sadagule ndiye, koma amafuula mpaka mawu kusasa, ndipo amalandira yake pokhapokha minibasi ikadzaza. Ikapanda kudzaza, thukuta lake lapita pachabe. Affiliate ali pamalo omwewo, kungoti iye amaitanira anthu amene amamudziwa ndi kumukhulupirira, ndipo akawakweza galimoto yakutha, mawa sadzamumveranso.

Mchitidwewu udayamba intaneti isanafike ponseponse. William Tobin, mwini kampani yogulitsa maluwa ya PC Flowers & Gifts ku America, ndiye amatchulidwa kawirikawiri ngati woyambitsa, ndipo kampani yogulitsa nyimbo ya CDNow idatsegula pologalamu yake mu 1994. Koma amene adaufalitsa ndi a Amazon, amene mu 1996 adayambitsa Amazon Associates: aliyense wokhala ndi tsamba pa intaneti ankatha kuika linki ya buku, ndipo wina akagula kudzera pa linkiyo, mwini tsamba ankalandira gawo lake.

Pamalondawa pamakhala mbali zitatu, nthawi zina zinayi. Pali merchant, amene ndi mwini katundu. M'mapangano ena amalembedwa kuti advertiser. Pali affiliate, amene amatchedwanso publisher, ndiye iweyo. Pali wogula. Wachinayi ndi network, kampani yoima pakati imene imasonkhanitsa ogulitsa ambiri pamalo amodzi, kuwerenga amene adadina ndi amene adagula, kenako n'kulipira. Zodziwika ndi CJ, imene idayamba mu 1998 ndi dzina la Commission Junction, Awin, Rakuten Advertising, Impact ndi ClickBank. Ubwino wa network ndi woti ndalama zochokera kwa ogulitsa khumi zimaunjikana m'thumba limodzi, komanso kaundula wa malonda sakhala m'manja mwa wogulitsa yekha. Pologalamu imene wogulitsa amayendetsa yekha imatha kupereka komishoni yokwera, koma yemweyo ndiye wowerengera, yemweyonso ndiye wolipira. Mukasemphana, ulibe kokadandaula.

Chida chenicheni cha ntchitoyi ndi linki. Ukavomerezedwa m'pologalamu, umapatsidwa linki yokhala ndi chizindikiro chako kumapeto kwake. Ya Amazon imakhala ndi kachigawo koyamba ndi mawu oti tag, kotsatizana ndi dzina limene udasankha. Munthu akadina, kompyuta kapena foni yake imasunga kachikalata kakang'ono kotchedwa cookie, kamene kamakumbukira kuti munthuyu adabwera kudzera kwa uje. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa cookie ili ndi moyo wake, ndipo ikafa, komishoni yako yafera pomwepo.

Nthawi imeneyi imatchedwa cookie duration. Ya Amazon ndi maola 24 okha, ngakhale kuti munthu akaika katunduyo m'dengu lake logulira mkati mwa maola amenewo, umawerengedwabe akadzalipira masiku pafupifupi 90 asanathe. Mapologalamu ena amapereka masiku 30, ena 60 kapena 90. Tayerekezani mayi wa ku Birmingham amene wawerenga zimene walemba zokhudza makina osokera. Wadina linki Lachiwiri, wawaona, wawakonda, koma akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndipo akufuna ayambe wakambirana ndi bambo a kunyumba. Akadzagula patapita milungu iwiri, ntchito yomukopa udagwira ndiwe, koma ngati cookie idali ya tsiku limodzi, sulandira ngakhale tambala. N'chifukwa chake kutalika kwa cookie kumayenera kuyerekezedwa ndi mtundu wa katundu. Chingwe chotchajira foni munthu amagula pompopompo. Makina osokera, kamera kapena matiresi, munthu amayamba wagona nazo m'mutu.

Palinso vuto lina limene pangano silitchula. Munthu amadina linki pa foni ali m'basi, madzulo n'kukagula pa kompyuta ya kunyumba, ndipo cookie ija yatsala m'foni. Kuyambira mu 2017, Safari, pologalamu yotsegulira masamba ya Apple, idayambanso kuchepetsa mphamvu za ma cookie otsata anthu. Pothana ndi zimenezi, ogulitsa ena amapereka promo code, mawu achidule amene wogula amalemba polipira kuti achotseredwe mtengo pang'ono. Kwa munthu amene omutsatira ake ali pa WhatsApp kapena amamumvera pa wailesi, code ndi yodalirika kuposa linki, chifukwa imayenda pakamwa.

Nanga ngati wogula adadutsa pa malinki a anthu awiri? Lamulo lofala ndi la last click: wotsiriza kudinidwa ndiye amatenga zonse. Ine lamulo limeneli sindiliona ngati lachilungamo, ngakhale ndikumvetsa kuti ndi losavuta kuwerengera. Wina amatha sabata akuyesa katundu, kujambula kanema, kuyankha mafunso a anthu. Wogula atakhutira, ali pafupi kulipira, amatsegula tsamba lina kufufuza code yochotsera mtengo, n'kudina linki ya tsamba la makuponi, ndipo komishoni yonse imapita kwa amene sadakhetse thukuta. Ogulitsa ena amaletsa masamba a makuponi kapena amawapatsa gawo lochepa, ndipo pologalamu yotere ndi yofunika kuifunafuna. Ena adafika pobera poyera mwa kubzala ma cookie m'makompyuta a anthu amene sadadine chilichonse, mchitidwe wotchedwa cookie stuffing. Ku America, mmodzi mwa ma affiliate amene ankalandira ndalama zambiri kwa eBay adalamulidwa kukakhala kundende mu 2014 chifukwa cha zimenezi.

Tsopano komishoni. Yofala kwambiri ndi CPS, kulipidwa peresenti ya mtengo wa katundu wogulidwa. CPA kapena CPL ndi kulipidwa ndalama yokhazikika munthu akachita chinthu china, monga kutsegula akaunti kapena kulembetsa dzina, ngakhale asanagule. Recurring commission imapezeka makamaka pa mapologalamu a kompyuta olipiridwa mwezi ndi mwezi: kasitomala akamapitiriza kulipira, iwenso umapitiriza kulandira, nthawi zina kwa chaka chimodzi, nthawi zina mpaka atadzasiya. Katundu wogwirika amakhala ndi peresenti yotsika chifukwa phindu la wogulitsa ndi lochepa. Maphunziro a pa intaneti ndi mabuku a pa kompyuta, monga ambiri a pa ClickBank, amatha kupereka 50 peresenti kapena kuposa, popeza kupanga kope lina sikudya ndalama.

Peresenti yaikulu imakopa maso, koma payokha siinena kanthu. Pamafunika mawu ena awiri. Conversion rate ndi chiwerengero cha anthu amene amaguladi mwa onse odina. EPC ndi ndalama imene kudina kumabweretsa. Ma network ena, monga CJ, amaiwerengera pa kudina 100 kulikonse. Tiyeni tiwerengere mongoyerekeza. Watumiza anthu 1,000 ku sitolo yodziwika, kumene katundu wa madola 40 amapereka 3 peresenti. Anthu 20 agula, ndiye kuti wapeza madola 24. Anthu 1,000 omwewo ukadawatumiza ku maphunziro ena a madola 40 opereka 50 peresenti, koma a munthu wosadziwika, mwina akadagula awiri, mmodzi n'kubweza atakhumudwa. Watsala ndi madola 20, ndiponso pali munthu mmodzi amene akukuyang'ana ndi diso lofiira chifukwa udamulozera zachabechabe. Pologalamu ya 3 peresenti yapambana ya 50.

Kubwezako kuli ndi dzina lake, reversal. Komishoni ikaoneka pa akaunti yako siinakhale yako. Imayamba ili pending, kudikira kuti nthawi yobwezera katundu idutse, ndipo wogula akabweza kapena khadi lake likapezeka lakuba, imafufutidwa. Ma network ena amaonetsa kuchuluka kwa ma reversal a wogulitsa aliyense. Wogulitsa amene amafufuta malonda ambiri, mwina katundu wake ndi woipa, mwina ali ndi chala chachitali. Zonse ziwiri ndi chifukwa chomusiyira.

Ndiye pali kulandira kwenikweniko, kumene kwa ife a kuno ndi nkhani yoyamba kuifufuza, osati yomaliza. Pafupifupi pologalamu iliyonse ili ndi threshold, mlingo umene ndalama ziyenera kufika kuti zitumizidwe. Ili ndi nthawi yake yolipirira; Amazon imalipira patatha masiku pafupifupi 60 mwezi wa malondawo utatha. Ili ndi njira zake zotumizira: ku akaunti ya banki ya m'mayiko osankhidwa, pa cheke, pa PayPal kapena Payoneer, mwinanso gift card yongogulira m'sitolo yomweyo. Munthu wa ku Mzuzu amene wazolowera Airtel Money ndi Mpamba ayenera kudziwiratu njira imene madola amenewo adzadutse kuti afike m'manja mwake, ndi ndalama zimene zidzadulidwe panjira. Makampani a ku America amafunsanso za msonkho, ndipo wosakhala nzika ya kumeneko amadzaza fomu ya W-8BEN. Kulandira madola n'kokoma, makamaka kwa amene akukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, koma madola ongooneka pa sikirini sagula ufa.

Funso lina ndi lakuti anthu ako ali kuti. Linki ya sitolo imene siitumiza katundu ku dziko la okuwerenga ndi yopanda ntchito, ngakhale aidine anthu chikwi. Mmalawi wokhala ku Leeds wolembera anzake a kumeneko angapindule ndi Amazon ya ku Britain. Wa ku South Africa ali ndi masitolo a pa intaneti a m'dzikomo, kuphatikizapo Amazon yomwe idatsegula tsamba lake kumeneko mu 2024. Jumia ili m'mayiko ngati Nigeria ndi Kenya, osati ku Malawi. Kwa wolembera anthu a kumudzi kuno, zinthu zosafuna kunyamulidwa, monga malo osungirako masamba a pa intaneti, mapologalamu a kompyuta kapena kusungitsa malo ogona, ndizo zimatheka msanga. Amazon imatsekanso akaunti yatsopano imene siinabweretse malonda atatu m'masiku 180 oyamba, choncho kulembetsa usanakhale ndi okuwerenga ndi kudziwotchera mwayi.

Pangano nalo limasintha, ndipo amasintha ndi mwini katundu. Mu April 2020, Amazon idatsitsa komishoni ya mipando ndi zokonzera nyumba kuchoka pa 8 peresenti kufika pa 3, ndipo ya zakudya kuchoka pa 5 kufika pa 1. Anthu amene adamanga ntchito yawo yonse pa katundu ameneyu wa sitolo imodziyo adapezeka kuti phindu lawo ladulidwa kuposa theka m'masiku ochepa, popanda wowafunsa.

Chimene mwini katundu sangakulande ndi niche yako, kagawo ka nkhani kamene anthu amakudziwa nako. Amene amalemba za chilichonse sapeza womukhulupirira. Amene amalemba za magetsi a dzuwa a m'nyumba zing'onozing'ono, nadziwa kuti batire yakuti imatha mphamvu msanga nthawi ya mitambo, nauza anthu kuti iyi musagule ngakhale ili ndi komishoni yabwino, ameneyo mawu ake ali ndi mtengo. Ndipo kukhulupirikako kumafuna disclosure, kuuza anthu poyera kuti akagula kudzera pa linkiyi iwe ulandirapo kanthu. Ku America bungwe la FTC limalamula zimenezi, ku Britain la ASA limazilondola, Amazon imafuna kuti uzilembe pa tsamba lako, ndipo Google kuyambira mu 2019 ili ndi chizindikiro cha sponsored choika pa malinki otere. Ena amaopa kuti akaulula anthu athawa. Ine ndimaona kuti anthu sadana ndi munthu wodyera ntchito yake. Chimene chimawapweteka ndi kutulukira mochedwa kuti malangizo amene ankayesa a mnzawo adali malonda.

Pali mitundu iwiri ya mapologalamu imene imavala dzina la affiliate koma iyenera kuyang'anidwa kawiri. Woyamba ndi umene umati uyambe walipira ndalama yolowera, kenako uzilandira ukabweretsa ena olipiranso. Pologalamu yeniyeni kawirikawiri siilipiritsa polowa, ndipo ndalama zake zimachokera pa katundu amene munthu angagule ngakhale pakadapanda komishoni. Ngati katundu yekhayo ndi mwayi wolembetsa ena, imeneyo ndi piramidi, ndipo otsiriza kulowa ndiwo amalira. Wachiwiri ndi wa makampani a juga ya mpira, amene ma promo code awo adzaza m'magulu a WhatsApp. Ambiri amalipira mwa njira ya revenue share, ndipo revenue ya kampani ya juga ndi ndalama zimene osewera aluza. Ndiye kuti mphwako amene udamupatsa code uja akaluza ndalama ya fizi, gawo lina la ndalamayo limagwera m'thumba mwako mwezi ndi mwezi, ndipo akapambana, m'mapangano ena akaunti yako imalowa m'ngongole imene imadulidwa pa malipiro a mwezi wotsatira. Mawu ake m'pangano ndi negative carryover, ndipo kawirikawiri amalembedwa kumunsi kwenikweni, kumene ambiri sitifika powerenga.