Katuni ndi katoni

Mawu awiriwa ndi apachibale. Katoni yosungiramo sopo kugolosale ndi katuni imene ana amaonera pa wailesi ya kanema, onse achokera ku mawu a Chitaliyana akuti cartone, kutanthauza pepala lochindikala. Amisiri akale ankayamba ajambula chithunzi pa pepala lotere asanachiike pakhoma kapena kuchilukira mu nsalu. Mmisiri wina dzina lake Raphael anajambula mapepala 10 otere cha m'ma 1515, ndipo 7 akusungidwa ku London mpaka lero.

Zoseketsa zinadzalowamo mu 1843, pamene magazini ya Punch inatcha zithunzi zake zachipongwe dzina loti katuni. Kenako zithunzizo zinayamba kuyenda, ndipo pofika 1940 mphaka Tom anali atayamba kale kuthamangitsa mbewa Jerry.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mabuku a zojambula amene anthu amagula n'kusunga ngati chuma abweza mawuwa kwawo. Tsegulani buku la Hyrule Historia, limene linatuluka ku Japan mu 2011 pokumbukira zaka 25 za masewera a The Legend of Zelda. Muona Link, ngwazi ya masewerawa, ali wa pensulo chabe, mizere ina yosamalizika, timawu ta wojambula tili m'mbali mwa tsamba. Ameneyo ndiye katuni weniweni wa tanthauzo loyamba lija, chithunzi chisanavale utoto. Amene anakula akusewera masewerawa amafika pa tsamba lotere n'kukhala duu, atapukwa ubwana wawo.

Mukapeza buku lotere, yambani ndi masamba a pensulowo.