Kuchokera kwa Napolo kufika ku komiti ya m'mudzi

Anzanga alimi, pa zaka khumi zimene kopaletivu yathu yakhalapo, taona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu March 2023. Nthawi zonsezi munaona anthu akuyenda ndi makope m'minda yokokoloka, akulemba mayina. Anthu amenewa ali ndi mbiri yawo, ndipo ndi bwino muidziwe.

Agogo athu amakumbuka December 1946. Mvula yopitirira mamilimita 700 inagwa pa phiri la Zomba m'masiku osakwana awiri. Miyala ndi matope zinatsetsereka, mtsinje wa Mulunguzi unakokolola milatho, anthu anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, pa ulendo wake wa kunyanja. Nthawi imeneyo Zomba inali likulu la dziko, koma kumudzi kunalibe gulu loikidwa lochenjeza anthu kapena kuwerenga otayika. Wopulumutsa mnzake anali mnansi basi.

Zinthu zinasintha chifukwa cha Phalombe. Mu March 1991 phiri la Michesi linagumuka, anthu mazanamazana n'kufa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo m'menemo ndi mmene muli mizu ya nthambi ya DoDMA ndi makomiti omwe ankatchedwa VCPC, ACPC ndi DCPC. Freddy atapha anthu oposa 600, enanso mazana osapezeka, lamulo latsopano la 2023 linalowa m'malo mwa lija la 1991.

Makwerero ake ali chonchi. Uthenga wa nyengo umachokera ku nthambi ya zanyengo, n'kufika kwa DC, kwa mfumu yaikulu, mpaka kwa gulupu. Ngozi ikagwa, lipoti limakwera njira yomweyo. Komiti ya m'mudzi ndiyo imayamba kuwerenga nyumba zakugwa ndi minda yopita ndi madzi, ife alangizi n'kutsimikiza maekala ndi mbewu zake, khonsolo n'kutumiza ku DoDMA. A Red Cross, apolisi ndi asilikali amabwera, inde, koma mlatho ukaduka amafika mochedwa. Usiku woyamba uja, amene amagogoda pakhomo panu kuti Likangala wadzadza, thawirani kusukulu, ndi munthu wa m'mudzi mwanu momwemo.

Pano ndinene mosabisa. Makomiti ena amagona chaka chonse, amadzuka akamva kuti kukubwera ufa. Enanso mulibe mlimi wodziwa kusiyanitsa chimanga chimene chingadzukenso ndi chimene chatheratu. Zikatero lipoti limapita lopunduka, ndipo mbewu zobzala m'dimba zimapita kolakwika. Eti mlimi wa mpunga wa kufupi ndi Chilwa n'kulandira zosagwirizana ndi munda wake, chifukwa wolemba sanafike kudamboko.

Ife tili ndi chimene makomiti ambiri alibe: kaundula wa mamembala, kukula kwa munda wa aliyense ndi zimene anabzala. Tili ndi nyumba yosungiramo zokolola, komanso manambala a foni a makalabu onse, akumtunda ndi akumunsi. Wakumtunda akaona mtsinje wafiira, akhoza kuimbira wakumunsi madzi asanafike.

Ndiye pa msonkhano wa kalabu yanu mwezi uno, funsani kuti wapampando wa komiti ya ngozi m'mudzi mwanu ndi ndani, ndipo anakumana liti komaliza. Ngati mulibemo membala wathu, sankhani mmodzi mukampereke kwa a gulupu mvula isanayambe mu November.