Nyumba ya a Marto m'masiku a mliri wa 1918

Pa 20 Fevereiro caka ciliconse Eklezia amakumbukira Francisco ndi Jacinta Marto, ana awiri a mimba imodzi a m'mudzi wa Aljustrel, m'parokiya ya Fátima ku Portugal. Ambiri mwa ife timawadziwira pa cithunzi cija ca abusa atatu ogwada pamaso pa Amayi Maria, ndipo nkhani ya pa 13 Maio 1917 ngakhale mwana wa caka coyamba ca katekisimu amatha kuilongosola. Cimene sitikamba kawirikawiri n'cakuti ana awiriwa anatengedwa ndi mliri, ndi kuti miyezi yambiri ya kumapeto kwa moyo wawo inathera m'kanyumba ka makolo awo, pakati pa amayi odwala ndi abambo otopa. Mbiri ya nyumba imeneyo ndiyo ndifuna tiione, inu makolo anzanga, popeza ndi mbiri ya banja la alimi ngati athuwa.

Mliriwo unali cimfine coopsa cimene mabuku amacitcha fuluwenza ya ku Espanha, ngakhale kuti sicinayambire kumeneko. Dzinalo linadza cifukwa dziko la Espanha silinalowe nawo nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, conco nyuzipepala zake zinkalemba za matendawo mosabisa, pamene maiko omenyana ankaopa kufooketsa asilikali awo. Apwitikizi anautcha "pneumónica", popeza unkathamangira m'mapapo n'kusanduka cibayo. Ku Portugal unalusa kwenikweni mu Outubro ndi Novembro 1918. Mabuku a boma anawerenga anthu akufa pafupifupi 60,000, koma ofufuza a pambuyo pake amati anapitirira 100,000; pa dziko lonse lapansi ambiri amatchula mamiliyoni 50. Kacirombo kake sikanali kudziwika, katemera kunalibe, ndipo penisilini, amene lero amagonjetsa cibayo coyambitsidwa ndi mabakiteriya, anatulukiridwa mu 1928 n'kuyamba kufika m'zipatala ca m'ma 1940. Cowawa cina cinali cakuti mliriwu unkakonda kugwetsa anthu a mphamvu zawo, a zaka za pakati pa 20 ndi 40, omwe aja olima, otunga madzi ndi ophikira ana. Kuno kum'mwera kwa Africa unafalikira kucokera ku madoko, monga la Cape Town mu Setembro 1918, n'kutsata njanji mpaka ku migodi, ndipo amuna obwerera kwawo kucokera ku nchito anaufikitsa m'midzi yakutali osadziwa kuti ausenza.

Mwini nyumba ya ku Aljustrel anali Manuel Pedro Marto, amene mudzi wonse unkamuitana kuti Ti Marto, ndipo mkazi wake anali Olímpia de Jesus. Olímpia anali mlongo wake wa António dos Santos, bambo wa Lúcia, ndiye kuti pa cibale cathu Lúcia ndi ana awiri aja anali asuweni enieni, ndipo Olímpia anali azakhali ake. Nyumba ziwirizo zinali zoyandikana. Ca kumapeto kwa Outubro 1918 cimfine cinalowa kwa a Marto ndi kugoneka onse, amayi ndi ana omwe, kusiyapo Ti Marto yekha. Nchito yosamala odwala inagwera iye. Kwathu kuno mwamuna wopezeka pa mafuwa amasekedwa ndi anzake, koma mliri sufunsa za mwambo. Pamene mayi wagona, moto umayatsidwa ndi amene watsala ciriri.

Zimene zinacitika m'nyumba inayo tikuzidziwa cifukwa Lúcia, atakalamba ku nyumba ya masisitere a Karmeli ku Coimbra, analemba zokumbukira za abambo ake mu 1989. Amayi ake, Maria Rosa, pamodzi ndi ana awo aakazi aakulu, ankayenda khomo ndi khomo kusamala odwala. Ti Marto, amene anali ataona ndi maso ake mmene nthendayo imapatsiranirana, anacenjeza mlamu wake kuti asalole zimenezi, kuopa kuti nyumba yacenso ingagwe. António anamvera, ndipo madzulo analetsa mkazi wake ndi ana kupita kwa odwala. Maria Rosa sanakangane naye. Anavomera kuti manthawo n'ngoona, koma anamufunsa za anthu amene akufa popanda wowapatsa ngakhale madzi akumwa, namuonetsa mphika waukulu wa msuzi wa nkhuku umene unali pamoto, n'kumupempha kuti apite naye akadzionere yekha. Anapita. Pobwerera António anali atanyamula khanda la banja lina limene makolo ake onse anali gone ndi malungo, nalipereka kwa ana ake kuti alilere, ndipo ciletso cija cinathera pomwepo.

Nkhani imeneyi ena amaikamba ngati kuti Maria Rosa ndiye anali ndi cikhulupiriro, pamene amuna awiri aja anali amantha cabe. Ine sindiona conco. Ti Marto ananena zoona, pakuti nthendayo inali yopatsiranadi, ndipo bambo woteteza ana ake sacimwa. Maria Rosa ananenanso zoona, pakuti odwala ambiri a mliri sankafa ndi kacirombo kokha, ankafanso ndi ludzu, njala ndi kusowa wowatembenuza pa kama. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale, koma mwana wakonso ngwako, ndipo pa masiku otere mau awiriwa amakokana m'mtima wa kholo.

Kukokana kumeneku ifenso tinakulawa. Boma la Moçambique linalengeza munthu woyamba wopezeka ndi Covid-19 pa 22 Março 2020, masukulu anatsekedwa mawa lake, ndipo pa 1 Abril dziko linalowa m'malamulo a nthawi ya ngozi. Matchalitchi anatsekedwa, katekisimu anaima, maliro anayamba kuikidwa ndi anthu owerengeka. Ana amene anazolowera kulawirira ku sukulu anangoti mbwee pabwalo, ndipo makolo ambiri anazindikira kuti mapemphero amene ankayesa kuti mwana amawadziwa ankangowang'ung'udza potsata anzake. Panali ngakhale cisokonezo ca maina, popeza dzina la kaciromboko linkamveka ngati la kolona imene timapemphera. Ku Fátima komweko, pa 13 Maio 2020, Misa inacitika bwalo lalikulu lija lili mbee, popanda khamu la amwendamnjira. Kusiyana kwathu ndi a ku Aljustrel kunali kwakuti ife tinauzidwa njira imene nthenda imayendera. Ndi nsalu yotseka pakamwa, sopo ndi kukhala patali pang'ono, zinali zotheka kumvera Ti Marto ndi Maria Rosa nthawi imodzi, kusiya nsima ndi nkhuni pakhomo pa wodwala osalowetsa imfa m'nyumba mwako.

Tibwerere kwa ana aja. Francisco, wobadwa pa 11 Junho 1908, anali mwana wofatsa, wosalankhulalankhula, wokonda mbalame ndi kuimba citoliro. Atadwala anakhalako bwino kwa kanthawi, n'kumayenda pang'ono, koma nthenda inabwerera ndi kumufooketsa mpaka kolona imene ankaikonda inayamba kumukanika kumaliza. Cimene cimandikhudza pa mbiri yake n'cakuti kufikira nthawi imeneyo anali asanalandire Ukaristia. Papa Pio X anali atalamula kale mu 1910 kuti ana aziloledwa ku Mgonero wa Ambuye akangofika pa msinkhu wozindikira, ca m'ma zaka 7, koma m'midzi lamulolo linkayenda pang'onopang'ono, ndipo olemba mbiri amati Francisco anasokonezeka pa mayeso a katekisimu, pa pemphero la Kredo, n'kubwerera kwawo akulira. Mnyamata amene lero Eklezia yonse imamutchula woyera analephera mayeso ofanana ndi amene ife akatekista timafunsa caka ndi caka. Mayeso ndi ofunika, sindikuwanyoza, koma amayesa lilime ndi kukumbukira, ndipo mwana wamanyazi amatha kugwa pa zimene mtima wake unazigwira kale.

Pa 2 Abril 1919 Francisco anapempha wansembe. Asanafike, anaitana Lúcia kuti amukumbutse macimo amene anamuona akucita. Lúcia anamukumbutsa kuti nthawi zina sankamvera amayi ake akamuuza kuti akhale pakhomo. Anamutumanso kukafunsa Jacinta, amene anali gone m'cipinda cina, ndipo Jacinta, monga alongo acitira, sanamubisire: anatchula kandalama kamene Francisco anaba kwa abambo awo kuti agulire kacoimbira ka pakamwa, ndi tsiku limene anaponya nawo miyala pamene anyamata a ku Aljustrel ankalimbana ndi a ku Boleiros. Kufufuza mtima kumeneku kunacitika popanda buku ndi popanda mphunzitsi, pakati pa ana atatu a zaka 12, 10 ndi 9, ndipo kukuonetsa zimene anali ataphunzira pa maondo a amayi awo, makamaka Maria Rosa, amene ankaphunzitsa katekisimu ana ake ndi a anansi m'nyumba mwake. Francisco analapa tsiku lomwelo, mawa lake analandira Ukaristia koyamba ndi kotsiriza, ndipo pa 4 Abril 1919 anamwalira m'nyumba ya makolo ake, asanakwanitse zaka 11.

Jacinta sanathe kuperekeza maliro a mlongo wake cifukwa ca kudwala. Iye anali wosiyana ndi Francisco: wacangu, wokonda kuvina, wosacedwa kunyanyala. Lúcia anasimba kuti tsiku lina Jacinta anakana mkaka umene amayi ake anamubweretsera, Olímpia n'kutuluka akudandaula kuti sadziwa comudyetsa mwanayo. Lúcia atamudzudzula, Jacinta analira, naitana amayi ake, napepesa ndi kumwa mkakawo ngakhale unkamunyansa. Mayi aliyense amene anagwirapo cikho ca phala pakamwa pa mwana wodwala aidziwa nkhondo imeneyi. Tikamaphunzitsa za nsembe zimene Jacinta ankapereka cifukwa ca ocimwa, tisaiwale kuti ina mwa izo inali kumvera amayi ake ndi kulandira cakudya ndi mankhwala. Amene amawerenga mbiri yake n'kuganiza kuti kukana cithandizo ndiko kuyera mtima, sanaiwerenge bwino.

Nyumbayo sinali ya bata. Alendo ocokera kutali ankadzaza pakhomo kufuna kuona mwana amene anaona Amayi Maria, ndipo ankamufunsa mafunso osatha iye ali ndi malungo. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi zosoka zawo n'kukhala pambali pa kama wake, tiana ta anansi tinkasewera pansi m'cipinda cake, iye n'kumatiphunzitsa cizindikiro ca mtanda ndi mapemphero. Ndi maso a lero tingadabwe kuona ana athanzi akuloledwa pafupi ndi wodwala cifuwa cotere.

Cibayo ca Jacinta cinasanduka mafinya m'nthiti. Mu Julho 1919 abambo ake anamukweza pa bulu kupita naye ku cipatala ca Santo Agostinho ku Vila Nova de Ourém, kumene anagona miyezi iwiri, nabwerera ndi bala lotseguka pacifuwa lofunika kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Ali komweko, pa 31 Julho, malume ake António, uja anabwera ndi khanda la eni, anamwalira ndi cibayo. Kumayambiriro kwa 1920 dokotala wina wa ku Lisboa, Eurico Lisboa, anaona mwanayo nalimbikitsa makolo kuti apite naye ku likulu akacitidwe opaleshoni. Makolowo anazengereza, ndipo n'zomveka: Ourém sanathandize, ulendo unali wautali, mwana anali wofooka. Pomaliza analola. Olímpia anamuperekeza pa sitima ya pamtunda, anakhala naye masiku owerengeka, kenaka anabwerera ku Aljustrel kumene ana ena ankamudikira. Mayi ameneyu sindingamuweruze, pakuti thupi limodzi silikhala m'nyumba ziwiri.

Pa 2 Fevereiro Jacinta analowa m'cipatala ca ana ca Dona Estefânia, ndipo pa 10 Fevereiro madokotala anamucotsa nthiti ziwiri, osamugoneka tulo kwathunthu cifukwa thupi lake linali lofooka kwambiri. Madzulo a pa 20 Fevereiro anapempha masakramenti. Wansembe anamva kulapa kwake, koma poona ngati imfa sinali pafupi, analonjeza kubweretsa Ukaristia m'mawa. Usiku womwewo Jacinta anamwalira, pambali pake pali namwino yekha, popanda mbale ndi mmodzi yemwe, atatsala masiku ocepa kuti akwanitse zaka 10.

Maliro sanathere pamenepo m'nyumba ya a Marto. Ana awo aakazi awiri, Florinda ndi Teresa, anamwaliranso, wina mu 1920, wina mu 1921, kotero kuti m'zaka zosakwana zitatu Olímpia ndi Ti Marto anaika ana anayi. Lúcia anacoka m'mudzimo mu Junho 1921 kupita ku sukulu ya masisitere ku Porto. Episkopi wa ku Leiria anavomereza za kuonekera kwa Amayi Maria mu Outubro 1930. Papa Yohane Paulo II anatchula ana awiriwo odala pa 13 Maio 2000, ndipo Papa Fransisko anawalemba m'gulu la oyera pa 13 Maio 2017. Makolo awo sanaone zimenezi. Anakhalabe m'mudzi mwawo, akulima ndi kulandira alendo, Olímpia mpaka 1956, Ti Marto mpaka 1957. Thupi la Jacinta linasamutsidwira m'tchalitchi cacikulu ca ku Fátima mu 1951, ndipo mu 1952, pofukula manda a Francisco kuti nayenso asamutsidwe, anaitana Ti Marto, nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, kuti adzazindikire mafupa a mwana wake. Pakati pa mafupawo panapezeka mikanda ya kolona imene anamuika nayo.