Zitsulo Zokana Kufa: Mbiri ya Anthu Okonza Mapikiapu Akale

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, boma la America linatsala ndi magalimoto ankhaninkhani omwe linalibe nawonso ntchito. Makampani a Willys ndi Ford anali atapanga majipi oposa 600,000, ndipo Dodge inali itapanga timalole tambirimbiri ta asilikali. Ambiri mwa magalimotowa anagulitsidwa motchipa kwa alimi, odula mitengo ndi asilikali obwerera kwawo. Anyamatawo anali ataona ndi maso awo zimene galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi imachita m'matope, ndipo sipanala anali ataphunzira kuigwira kunkhondo komweko. Chizolowezi chogona pansi pa pikiapu Loweruka lonse, manja ali bii ndi girisi, popanda wokulipira, chinayambira pa anthu amenewa.

Opanga magalimoto anachedwa kuona zimene anthu ankafuna. Dodge inatulutsa Power Wagon mu 1946, Willys n'kutsatira ndi pikiapu yake mu 1947, koma Ford ndi Chevrolet, omwe ankagulitsa mapikiapu ochuluka, ankapangabe okoka ndi mawilo akumbuyo okha. Mlimi wofuna kuti Chevrolet yake iziwoloka dambo ankaitanitsa bokosi lalikulu lathabwa kuchokera ku kampani ya NAPCO ya ku Minneapolis. M'bokosimo munkakhala ekiselo yakutsogolo, kagiyabokosi kogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, mashafuti ndi mabawuti ake. Zonsezi zinkangomangidwa pa chesisi, moti munthu akafuna kugulitsa galimoto ankatha kuzimasula n'kukazimanga pa ina. Ford inayamba kupanga yokha mapikiapu otere mu 1959, patapita zaka zambiri kampani ya Marmon-Herrington ikusandutsa magalimoto a Ford kukhala okoka mawilo onse. Kunena zoona, kwa Ford ndi Chevrolet pikiapu ya fobaifo inabadwira m'magalaja, fakitale inangobwera pambuyo.

Zambiri zimene lero timaziona ngati zachibadwa pa galimoto zotere zinatulukira m'mutu mwa anthu wamba ovutika ndi galimoto zawo. Arthur Warn wa kufupi ndi Seattle anaona kuti jipi ikamayenda pa tara, mawilo akutsogolo amazungulitsabe mashafuti ndi difu ngakhale dalaivala sanalowetse giya ya m'matope. Mafuta ankangopita, zitsulo n'kumadyeka pachabe. Mu 1948 anapanga tizivundikiro tomasula mawilowo ku ekiselo. Kachitsulo kozungulira kamene dalaivala wa Land Cruiser amatsika kukapotokola pa wilo yakutsogolo akaona matope kutsogolo, pa msewu wa ku Nyika kapena potsika Golodi nthawi ya dzinja, ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo. Mu 1959 kampani ya Warn inayamba kugulitsa winchi yoyendera batire, yoti munthu akatitimira amangirire chingwe ku mtengo n'kudzikoka yekha.

Anthu akakhala ndi galimoto zotere safuna kuzisunga pakhomo. Mu 1953 gulu la majipi linadutsa njira yamiyala ya Rubicon m'mapiri a Sierra Nevada ku California, ulendo umene ukuchitikabe chaka ndi chaka. Mu 1967 kunayamba mpikisano wa m'chipululu cha Baja ku Mexico. Kumalo ngati amenewa n'kumene zitsulo zinkathyoka, ndipo chothyoka chilichonse chinkabweretsa funso loti achite bwanji kuti ulendo wina chisathyokenso.

Bob Chandler wa ku St. Louis anali mmodzi wa othyolathyola. Anagula Ford F-250 ya 1974, ndipo poti masipeya a galimoto zotere ankasowa m'dera lake, mu 1975 anatsegula sitolo yakeyake. Pikiapu ija inasanduka chikwangwani cha sitoloyo: ekiselo yaikulu lero, matayala aakulu mawa, mpaka anafika pa matayala a mainchesi 66 otengedwa ku makina a m'minda, otalika ngati munthu wamkulu. Anaitcha Bigfoot, ndipo mu 1981 anaijambula ikuponda magalimoto awiri akutha m'munda. Apa mpamene panayambira masewera a zimagalimoto zoponda zinzake. Kwa ine nthambi imeneyi ndi yachionetsero chabe, ndipo inasiya kutali cholinga choyamba chija, chofika kumene msewu sufika.

Ku Australia zinthu zinayenda mwina, chifukwa kumeneko galimoto kufera m'tchire ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 1975 Tony Brown anapita ku Cape York, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, pa Land Rover yake, ndipo m'njira ankangokhalira kuwotcherera zitsulo zapadenga ndi mabampala a anthu ena zomwe zinathyoka ndi mabampu. Atabwerera ku Melbourne anayamba kupanga zolimba m'galaja yapakhomo. Kampani ya ARB inayamba choncho, ndipo mabampala ake achitsulo, omwe kwawo amateteza injini galimoto ikagunda kangaroo, lero timawaona pa magalimoto a mabungwe mumzinda wa Lilongwe.

Koma galimoto imene yagwira mitima ya okonzawa kuposa zina zambiri ndi yomwe ifenso timaidziwa bwino. Toyota Hilux inatuluka mu 1968 ili kapikiapu konyamula katundu m'tauni. Mu 1979 inapatsidwa mphamvu yokoka mawilo onse, ndi ekiselo yakutsogolo yachitsulo chimodzi chosapindika, yokhala pa masipuling'i amasamba ngati a ngolo. Ekiselo yotere imagwedeza msana pa msewu wabwino, koma pamiyala wilo imodzi ikakwera, inzake imakanikizidwa pansi n'kugwira nthaka. Ilinso ndi zitsulo zochepa zoti n'kuwonongeka. Injini yake ya petulo ya 22R, yomwe inabwera mu 1981, inalibe liwiro loti n'kudzitama nalo, koma inkayenda makilomita mazanamazana a masauzande ikamangopatsidwa oyilo.

Mu 1986 Toyota inachotsa ekiselo ija pa mapikiapu ogulitsidwa ku America, n'kuika dongosolo loti wilo iliyonse yakutsogolo izidziyendera payokha kuti okwera azimva kufewa. Okonda miyala sanakondwe nazo. Mpaka lero pikiapu ya 1985 imasakidwa kwambiri kumeneko, chifukwa ndi chaka chokhacho chimene ekiselo yolimba ija inakumana ndi injini ya 22R-E yopopera mafuta popanda kabuleta. Amene sanaipeze amagula ya zaka zotsatira, n'kudula zonse zakutsogolo ndi galainda, n'kuwotcherera ekiselo yakale. Ntchito imeneyi si yamasewera. Ukaphonya mamilimita ochepa poyeza, galimoto imakokera mbali imodzi moyo wake wonse, matayala n'kumatha mbali imodzi. M'zaka za m'ma 1990, Marlin Czajkowski wa ku Fresno anawonjezera nzeru ina, yolumikiza timagiyabokosi togawa mphamvu tiwiri motsatizana, kuti galimoto izikwawa pamwamba pa mwala pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi, injini osazima.

Kuno ku Africa ndi ku Australia, ekiselo ija inakhalabe pa Hilux mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Zina mwa zimene zinafika ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zinachokera ku fakitale ya Toyota ya ku Prospecton, pafupi ndi Durban. Ku South Africa, komwe pikiapu amaitcha bakkie, kuli anthu ambiri osunga ma Hilux akalewa, ndipo chizolowezi chawo chotchuka ndi kuchotsa injini yotopa n'kuikamo V8 ya Lexus yobwera kuchokera ku Japan. Mbiri ya kulimba kwa galimotoyi inafalikira dziko lonse mu 2003, pamene pulogalamu ya Top Gear ya BBC inatenga Hilux ya dizilo ya 1988, n'kuisiya m'nyanja madzi n'kuimiza, kuiyatsa moto, kenako kuiika padenga la nyumba yosanja imene inkagwetsedwa ndi mabomba. Makaniko anaikonza ndi zida wamba, osasintha sipeya ngakhale imodzi, ndipo inalira.

Land Rover nayo ili ndi anthu ake, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Itaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948, chitsulo chinali chosowa ku Britain, choncho bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu, yemwe sachita dzimbiri. Chimene chimaola ndi chesisi ndi chikhoma chapakati pa injini ndi dalaivala. Poti zonse n'zomanga ndi mabawuti, munthu amatha kunyamula bodi yonse, kugula chesisi yatsopano yokutidwa ndi zinki, n'kusamutsira chilichonse pamenepo. Land Rover Defender yakale itasiya kupangidwa ku Solihull mu Januwale 2016, mitengo ya zakale inakwera. Lamulo la ku America lolola kulowetsa mosavuta galimoto yopitirira zaka 25 lachititsanso kuti ma Defender ndi ma Land Cruiser akale azisakidwa m'maiko ambiri, kukonzedwa, n'kugulitsidwa pamtengo woposa wa galimoto yatsopano.

Zimene azungu amachita pofuna kusangalala, makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande amachita kuti ana adye. Kusula bushi kuchokera ku tayala lakale, kuwonjezera tsamba pa sipuling'i kuti pikiapu ya matola inyamule matumba ambiri, kuika injini ya dizilo m'galimoto imene inabadwa ya petulo, zonsezi n'zatsiku ndi tsiku. Luso lake ndi limodzimodzi, ndipo nthawi zambiri la kuno limaposa, chifukwa kulibe sitolo yoti uimbire foni sipeya ifike mawa. Chimene chimatheketsa zonsezi, kuno ndi kunja komwe, ndi kapangidwe ka galimoto zakalezo. Injini ya 1HZ ya Land Cruiser, ya dizilo ya malita 4.2 imene inatuluka mu 1990 ndipo yanyamula odwala ambiri m'maambulansi a zipatala za m'maboma, ili ndi pampu yoyenda ndi zitsulo zokhazokha. Munthu wa khutu labwino amamva vuto lake asanatsegule boneti. Pikiapu ya masiku ano ikayatsa nyali yachenjezo, pamafunika kompyuta yoti iwerenge chimene chavuta.

Pali zina zimene okonda kukweza galimoto satchula kawirikawiri. Pikiapu ikakwezedwa, kulemera kwake kumakwera nayo, ndipo pakona imagubuduzika msanga. Matayala aakulu amalemetsa mabuleki omwe anapangidwira matayala aang'ono, amanamiza sipidomita, ndipo pa Hilux yakale amathyola mfundo yam'kati mwa ekiselo yakutsogolo imene amaitcha Birfield, makamaka chiwongolero chikakhala chokhotetsedwa mpaka kumapeto. Injini ya V8 pa mabuleki a 1985 ndi ngozi yongodikira tsiku lake, ndipo pamsewu pamakhala ana a sukulu ndi akabaza omwe sanasankhe nawo zimenezo. Okonza enieni amayamba ndi mabuleki, chiwongolero ndi dzimbiri la pa chesisi, amakalembetsa nambala ya injini yatsopano m'mapepala a galimoto, penti imabwera pomaliza.

Tsopano fakitale yayambanso kutsatira galaja monga zinalili m'zaka za m'ma 1950. Mu 2021 Toyota inalengeza kuti iyambiranso kupanga masipeya ena a Land Cruiser 40, galimoto imene inatuluka mu 1960 n'kusiya kupangidwa ku Japan mu 1984, itafunsa eni ake ndi magulu awo kuti ndi ziti zimene zikusowa kwambiri. Mu 2023 inabwezeretsa pa msika wa ku Japan Land Cruiser 70, yomwe maonekedwe ake ndi a 1984, ikadali ndi chesisi yamakwerero, ekiselo yolimba kutsogolo ndi masipuling'i amasamba kumbuyo.