Chitsime Chowawa cha ku Epsom

Mbiri ya ku Epsom, m'dziko la England, imati m'chaka cha 1618, chilala chitaumitsa madambo, woweta ng'ombe wina dzina lake Henry Wicker anazizwa poona ziweto zake, zimene lilime linali litauma ndi ludzu, zikununkhiza madzi a pachithaphwi china ndi kubwerera osalawa, pakuti anali owawa monga a ku Mara aja amene ana a Israyeli analephera kumwa m'chipululu. Koma chimene ng'ombe zinakana anthu anachilandira ngati mankhwala otsuka m'mimba. Mu 1695 dokotala Nehemiah Grew analemba za mchere umene unatsala ataphwetsa madziwo, ndipo mu 1808 Humphry Davy analekanitsa magnesium amene ali mumcherewo.

Mchere womwewo lero umabayidwa kwa mayi woyembekezera amene magazi akuthamanga kwambiri, kuti angagwe khunyu, ndipo amayi amene wawalanditsa ku imfa ndi ochuluka ndithu. Kuyeza magnesium m'magazi sikuulula zonse, popeza woposa theka la magnesium wa m'thupi amakhala m'mafupa, ndipo wa m'magazi safika gawo limodzi pa magawo 100. Ndiponso pamene palibe makina oyezera, mzamba, pofuna kuona ngati mankhwalawo achuluka m'thupi, amagogoda pansi pa bondo la mayiyo, nawerenga kupuma kwake, nayeza mkodzo. Mwendo ukaleka kudumpha, iye amaimitsa mankhwalawo.